Mwendo Watsopano wa Salma

Mutu 4

1. Chimene ng'ona idasiya

Salma adali mwana yekhayo wa a Abdulhamid, telala wa m'tauni ya Nkhotakota. Mayi ake adamwalira iye ali wamng'ono. Pakhomopo ankakhala anthu atatu: bambowo, Salmayo, ndi msuweni wake Sabrina, mtsikana wa msinkhu wake yemwe adakulira pomwepo.

Chaka chimene dziko lidasankha boma la zipani zambiri, Salma adali Fomu 2 ndipo adali kale pa chitomero. Mnyamata wake adali Swaleh, yemwe ankagula usipa wouma n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Akuluakulu a mbali zonse adagwirizana kuti mtsikanayo akangolemba mayeso, ukwati umangidwe.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Nthawi yodula mpunga, Salma adapita ku Chia kukathandiza azakhali ake, a Habiba. Tsiku lina akutsuka matope m'miyendo pafupi ndi bango, ng'ona idamugwira mwendo wamanzere. Asodzi adathamangira ndi nkhafi n'kumulanditsa, koma phazi ndi msongolo zidali zitaphwanyika kale. Kuchipatala adaudula mwendowo kumunsi kwa bondo.

Poyamba Swaleh ankabwera kudzamuzonda atanyamula malalanje. Kenaka adayamba kungotumiza moni. Kenaka moniwo udasiya kufika. Potsiriza kudabwera amalume ake a mnyamatayo, adakhala pakhonde, nanena mawu ambiri ozungulira amene tanthauzo lake lidali limodzi: chitomero chatha.

Salma sadabwererenso kusukulu. Ndodo zake zoyendera zinkatitimira mumchenga, ndipo ana a m'njira ankamulondola ndi maso. Adasankha kukhala kuseri kwa nyumba, pamkeka, kumene kunkangofika nkhuku ndi Sabrina.

2. Munthu wa chitsulo kumwendo

Chaka chotsatira, namwino wina adatumiza uthenga kwa a Abdulhamid kuti abwere ndi mwana wawo kuchipatala. Kudali kutabwera anthu a kafukufuku ochokera ku Blantyre.

Wamkulu wawo adali a Paison, bambo wamfupi wa imvi m'mbali, katswiri wopanga miyendo ndi kuphunzitsa mafizo olimbitsa ziwalo. Iwonso ankatsimphina. Mwendo wawo wina udali womangidwa ndi chitsulo chifukwa cha poliyo amene adawagwira ali mwana.

"Bambo, ndikufotokozereni bwinobwino kuti mumve," adatero a Paison. "Kafukufuku ndiye kufunafuna yankho la chinthu chimene sitikuchidziwa. Miyendo imene takhala tikupanga ndi yamtengo, chikopa ndi zitsulo. Ndi yolemera, ndipo ikanyowa chikopa chimaola. Komanso munthu amayenera kukagona ku Blantyre miyezi ndi miyezi kuti aphunzire kuyenda. Ambiri amangokhala osapita. Tsono ife tikuyesa mwendo wina, wa pulasitiki, phazi lake lamphira. Tikufuna tione ngati ungapirire kutentha ndi mchenga wa kuno kunyanja. Tikufunanso tione ngati munthu angaphunzire kuyenda nawo ali kwawo, ife n'kumangobwera kudzamuona mwa apo ndi apo. Zikatheka, anthu ambiri m'dziko muno adzaimirira. Koma sitikakamiza munthu. Nthawi ija yongokuuzani kuti imani apa idapita. Mukhoza kukana, mukhozanso kusiyira panjira."

"Nanga mwasankhiranji mwana wanga?" adafunsa a Abdulhamid.

"Chifukwa ng'ona inamusiyira bondo," adayankha a Paison. "Miyendo tikuyesayi ndi ya anthu a bondo okha."

Salma sadadikire kuti bambo ake amuyankhire. "Ine ndikufuna," adatero.

Tsiku lomwelo adamuumba chikhakha pa chitsa cha mwendo kuti atenge muyeso. Adamuphunzitsanso mafizo: kugona chafufumimba n'kumakweza ntchafu, kuwongola bondo kuti lisakhwinyate, ndi kumanga chitsacho ndi bandeji kuti chiume bwino. Salma ankachita zonsezi mosajomba.

Anthu aja atabweranso, adali ndi mwendo. A Paison adamuveka sokosi yaubweya pa chitsa, nalowetsa chitsacho m'kamwa mwa mwendowo, namanga lamba pamwamba pa bondo. Salma adagwira zitsulo ziwiri zoyendera, nadzuka. Adasiya dzanja limodzi. Adasiya linalo. Adaima chilili, mutu wake utalingana ndi phewa la bambo ake monga kale.

"Alhamdulillah," adanong'ona a Abdulhamid, akupukuta m'maso ndi mkono wa kanzu, mkanjo wawo wautali.

Koma a Paison sadamwetulire. Adamukhazika Salma pampando, iwo nakhala pafupi.

"Mwanawe, tchera khutu, pakuti pano ndi pamene ambiri amagwera. Waima lero, ndiye mtima ukuuza kuti wachira. Sunachire. Khungu la pa chitsali silinalengedwe kuti lizinyamula munthu. Ndi lanthete ngati la khanda. Liyenera kuzolowera pang'onopang'ono, monga dzanja limazolowerera khasu. Uzivala mwendowu kanthawi kochepa m'mawa, kanthawi kochepa masana, uli pabwalo pakwanu, ndodo zili m'khwapa. Ukavula uziyang'ana. Ukaona pofiira pamene sipakuzilala, usavalenso. Ukaona thuza, bwera kuno msanga, namwino adzatiimbira lamya. Usapite patali. Dzuwa likatentha chitsa chimachita thukuta, chimayamba kutereramo, ndipo fupa limapekesa khungu kuchokera m'kati. Iwe sudzamva msanga, poti mitsempha ina inaduka. Podzamva kuwawa, chilonda chidzakhala chitakumbika kale. Ine chitsulo ichi chinanditengera chaka kuti tigwirizane. Bondo lakolo ndi chuma chako chotsala. Ukalitaya, palibe amene angakubwezere."

"Ndamva, bambo," adatero Salma. Koma maso ake adali pa phazi lamphira lija, lomwe lidali ndi zala zisanu zojambulidwa bwino.

3. Mawu a kumsika

Sipadapite nthawi yaitali. Tsiku lina Sabrina adabwera kuchokera kumsika, natula dengu pansi mwaukali.

"Wamva? Swaleh akukwatira. Akutenga Nadia, uja munkakhala naye benchi imodzi kusukulu. Ukwati uli kwawo kwa Nadia, ku Chia, Lamulungu likudzali."

Salma adapitiriza kupeta mpunga.

"Zimenezo zilibe kanthu," adapitiriza Sabrina. "Chandipweteka ine ndi zimene amalankhula amayi ake a Swaleh pogula matimati. Akuti Mulungu anamupulumutsa mwana wawo. Akuti iwe masiku ano umakwawa ngati kamba, kuchimbudzi umachita kunyamulidwa. Anthu amangoti kalanga ine, kalanga ine."

Lichero lidagwa m'manja mwa Salma, mpunga n'kumwazika. Nkhuku zidathamangira.

"Ndikupita ku ukwatiwo," adatero. "Ndikalowa pabwalo ndi miyendo iwiri, wopanda ndodo. Akaone kamba wawoyo."

Mawu amenewa adawamva a Abdulhamid, omwe ankamanga makina awo osokera m'chiguduli. Ntchito idali itachepa m'tauni chifukwa cha zovala za kaunjika, ndiye ankapita ku Dwangwa kukasokera anthu odula nzimbe, n'kukhalako sabata kapena kuposerapo. Adatuluka, nakhala pa mtondo wogubuduzika.

"Salma, mwana wanga, sendera kuno. Ine zimene akunenazo ndinazimva kale, ngakhale kumzikiti zimandipeza. Ukuganiza kuti sizindiwawa? Zimandiwawa. Koma pakamwa pa munthu si pakhomo poti ungatseke ndi chitseko. Ukakawaonetsa kuti ukuyenda, adzanena kuti ukutsimphina. Ukasiya kutsimphina, adzanena kuti mwendowo ndi wa pulasitiki. Udzatha moyo wako wonse ukuyankha anthu amene sanakufunse. Chimene chipembedzo chathu chimatiphunzitsa ndi subira, kupirira kodikira nthawi ya Mulungu. Amayi ako atamwalira anthu ananena kuti mwamuna sangalere mwana wamkazi. Sindinapite khomo ndi khomo kukatsutsa. Ndinangokulera, basi. Iwenso chira kaye. Chaka chamawa ubwerere kusukulu ndi miyendo yako. Tsiku limenelo adzakuona okha popanda iwe kuwaitana. Swaleh anakusiya uli pabedi lachipatala. Munthu wotere ndi woti umuvutikire ulendo? Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanangu. Bambo aja ananena kuti usapite patali, inenso ndikuti usapite."

"Koma Ababa, bambo omwewo anati palibe wokakamiza mnzake. Mwendowu ndi wanga. Ndi ufulu wanga."

"Ufulu umene wabwerawu aliyense akuutafuna ngati nzimbe," adatero a Abdulhamid. "Koma chilonda sichidziwa za ufulu. Ndilonjeze kuti supita."

Salma adayang'ana pansi. "Sindipita, Ababa."

M'mawa mwake bambowo adakwera basi ya ku Dwangwa, makina awo ali pamwamba.

4. Njira ya mchenga

Lamulungu litafika, Salma adasamba, navala diresi lake lobiriwira lofika m'mapazi ndi mpango woyera kumutu. Adamanga mwendo uja, nauveka nsapato yofanana ndi ya phazi linalo. Ndodo adazitsamiritsa kuseri kwa chitseko.

"Tenga imodzi yokha," adachonderera Sabrina, yemwe tsopano adayamba kuchita mantha ndi moto umene adausonkha yekha. "Tikaibisa patchire tikayandikira."

"Ukafuna tsala," adayankha Salma.

Adakwera galimoto ya matola mpaka pa mlatho wa Chia. Kuchokera pamenepo, mudzi wa kwawo kwa Nadia udali m'kati, njira yake yapansi, yodutsa m'minda ya chinangwa. Udali mwezi wa Okutobala. Dzuwa lidali litakwera, mchenga ukutentha ngati phulusa la pamoto.

Poyamba zonse zidayenda bwino. Salma adaseka, nauza Sabrina kuti a Paison amangoopseza anthu. Koma mchenga udali wakuya. Phazi lamphira linkatitimira, ndipo polizula ankachita kukoka ndi ntchafu yonse. Thukuta lidayenderera m'kati mwa mwendowo. Chitsa chidayamba kutereramo, kukwera ndi kutsika, n'kumalira fwe, fwe, fwe.

Atafika pa mtengo wa mango, Salma adakhala pansi, namasula lamba. Sokosi idali chonyowa. Kunsonga kwa chitsa, pamene padathera fupa, padali thuza lalikulu ngati dzira la nkhunda.

"Mayo! Tibwerere," adatero Sabrina. "Kapena ndikaitane azakhali a Habiba, kwawo si kutali. Abwere ndi njinga."

Mphepo idabweretsa phokoso la ng'oma ndi nthungululu kuchokera kutsogolo. Salma adamvetsera. Kenaka adafinya sokosi ija, naivalanso, nalowetsa chitsa m'malo mwake, namanga lamba mothinitsa kuposa poyamba.

"Ndidzutse," adatero.

5. Pabwalo la ukwati

Adafika shehe atamanga kale ukwati. Amuna adali pansi pa msasa wa masamba a kanjedza akuimba sikiri, nyimbo za Chisilamu zotamanda Mulungu, mapewa akugwedezeka pamodzi. Amayi adali mbali ina, atazungulira mkwatibwi, ena akugawa mpunga ndi nyama ya mbuzi m'mbale zazikulu.

Salma adalowa pakati pa bwalo, msana uli chowongoka. Mayi wina adamuona, nagwira mnzake pamkono. Nyimbo ya amayi idazilala. Maso onse adatsikira kumapazi ake, ndipo adaona nsapato ziwiri.

Adalunjika pamene padakhala amayi ake a Swaleh, nagwada pang'ono monga mwa ulemu.

"Assalaam alaikum, amayi."

"Wa alaikum salaam," adayankha mayiwo, chakudya chili m'kamwa. "Ndiwe Salma? Koma... wabwera ndi chiyani?"

"Ndayenda, amayi. Kuchokera pamlatho."

Atsikana anzake akusukulu adakuwa ndi chimwemwe, namukokera m'bwalo lovinira. Salma adavina. Nthawi iliyonse akaponda, ankamva ngati waponda khala lamoto, koma adaluma mlomo n'kumamwetulira. Kenaka adamva chinthu chikuphulika m'kati mwa mwendowo, ndi kufunda kukuyenderera. Sadaleke.

Ali m'kati movina, Swaleh adadutsa pafupi, atavala kanzu yatsopano ndi chisoti chopeta. Adaima. Apa ndi pamene Salma ankadikira. Ankayembekeza kuti mnyamatayo agwetsa nkhope, kapena achita chibwibwi.

"Aa, Salma, wabwera? Wachita bwino," adatero Swaleh mwansangala, ngati akulonjera munthu wogula usipa. "Ndiye akupatsa mwendo? Zikomo kwambiri. Wadya koma? Sabrina, mupezere mbale mnzakoyu."

Adapitirira, akuitana munthu wina za mipando ya alendo. Sadacheukenso.

Ng'oma zidapitiriza. Amayi adabwerera kwa mkwatibwi. Mosakhalitsa panalibenso amene ankayang'ana nsapato za Salma. Mayi wina wachikulire adamugwira dzanja mwachifundo nati, "Khala pansi mwanawe, anthu ngati iwe sayenera kuima nthawi yaitali."

Salma adazemba, nazungulira kuseri kwa khitchini. Kumeneko mwendo udakana. Adagwa pa mulu wa nkhuni.

Amene adamupeza adali azakhali ake, a Habiba, omwe adabwera kudzathandiza kuphika. Adamasula lamba, nakoka mwendowo. M'kati mwake mudali magazi osakanikirana ndi mchenga. Khungu la kunsonga kwa chitsa lidali litasupuka lonse, nyama ili poyera.

"La ilaha illallah! Mwana iwe, wadzichita chiyani? Bambo ako akudziwa kuti uli kuno?"

"Ayi, azakhali. Chonde musawauze."

"Ine sindisunga chinsinsi cha chilonda," adatero a Habiba, akung'amba chitenje chawo kuti amange. "Tamvera. Ndinalipo tsiku limene ng'ona inakugwira. Ndinakunyamula m'bwato magazi ako ali m'manja mwangamu. Sindinagone miyezi, ndikudziimba mlandu kuti ndinakuitaniranji kuno. Mulungu anakubweza. Lero iwe ukumaliza wekha ntchito imene ng'ona inalephera, chifukwa cha mwamuna amene pano akudya mpunga ndi mkazi wina? Mawa kukacha upite kuchipatala. Ukawauze zoona, angakukalipire bwanji. Bambo ako akabwera uwauze wekha. Ukapanda kutero, ndidzawauza ndine."

Adamupezera ngolo ya ng'ombe yomutengera kumsewu. Salma adagona m'ngolomo, mwendo watsopano uli pambali pake, nsapato ikadali kuphazi.

6. Fungo

Kutacha, Salma adakana kupita kuchipatala.

"Namwino akaona adzaimba lamya ku Blantyre," adatero kwa Sabrina. "A Paison adzandilanda mwendo n'kupatsa wina womvera. Chipola chokha ichi. Pofika Ababa chidzakhala chitauma."

Sabrina adapita kugolosale, nagula makapisozi ofiira ndi achikasu. Adawatsegula, nathira ufa wake pachilonda, namanga ndi kansalu. Ankachita zimenezi m'mawa uliwonse.

Chilonda sichidaume. M'mbali mwake mudatupa, mudada. Mafinya adayamba kudontha. Kufiira kudakwera kulunjika ku bondo, ndipo bondolo lidatupa mpaka kukana kuwongoka. M'chipinda mudayamba kumveka fungo limene lubani adalephera kuliphimba. Ntchentche zidadzaza pazenera.

"Salma, tiye kuchipatala, ndikupempha," ankalira Sabrina.

"Mawa," ankayankha Salma. Mawa likafika ankanenanso chimodzimodzi.

A Abdulhamid adabwera masana ena, atanyamula nzimbe ndi shuga wa ana awo. Adangoponda pakhomo n'kuima. Fungo lidawauza zonse. Adapeza mwana wawo akunjenjemera pansi pa bulangeti, thupi likutentha, milomo itauma. Atavundukula kansalu kaja, adabwerera m'mbuyo.

"Chachitika n'chiyani? Salma! Unatsata zimene anakuuza bambo aja?"

Sabrina adathawira kukhitchini. Salma adayang'ana nkhope ya bambo ake, yotopa ndi ulendo, ulusi ukadali pa kanzu.

"Ndinatsata, Ababa. Ndimangoyenda pabwalo pompa. Changoyamba chokha."

Bambowo sadafunsenso. Adamubereka kumsana ngati khanda, nathamangira kumsewu.

7. M'chipinda cha odwala

Dokotala adaona chilondacho, napukusa mutu. Adamuika Salma botolo la madzi ndi mankhwala, naitanira bambo ake pambali.

"Chilondachi chalowa kwambiri. Tiyenera kupita naye kuchipinda cha opaleshoni kuti tichotse nyama yoola. Tikapeza kuti zafika m'bondo, tidzadula pamwamba pake. Tikachedwa, poizoni alowa m'magazi. Tikufuna chilolezo chanu."

"Kudulanso?" adatero a Abdulhamid. "Mwana mmodzi, kumudula kawiri?"

Adakana. Adati ayambe aonana ndi munthu amene adabweretsa mwendowo.

A Paison adafika m'mawa mwake, namwino atawaimbira lamya. Adalowa akutsimphina, fumbi la ulendo lili m'tsitsi. Pakhonde padali anthu ena amene ankadikira miyendo yawo. Mmodzi mwa iwo adali a Kalilu, msodzi wa ku Ngala, amene adayezedwa tsiku limodzi ndi Salma.

A Abdulhamid sadadikire moni.

"Inu bambo, ndinakupatsani mwana wanga ali bwinobwino. Chilonda chake chinali chitapola. Ankayenda ndi ndodo zake, osadandaula. Inu munabwera ndi mawu okoma, akuti kafukufuku. Munanena nokha kuti yankho simukulidziwa. Ndiye mumaphunzirira kumeta pamutu pa mwana wanga? Bwanji simunakayese pa ana anu ku Blantyre? Mwaona kuti kuno kuli amphawi osadziwa kufunsa? Mwanayu wachita zonse munamuuza. Sanatuluke pabwalo. Pulasitiki wanuyo ndiye wamuoletsa!"

Mawuwo adamveka mpaka pakhonde. Anthu adadzaza pakhomo ndi m'mazenera.

A Paison adatenga mwendo uja, umene Sabrina adabwera nawo n'kuuika pansi pa bedi, nauzondotsa, naugogoda pang'ono. Mchenga wouma, wofiirira ndi magazi, udagwera pasimenti. Adauvula nsapato, nayang'ana chidendene cha nsapatoyo. Kenaka adakoka mpando, nakhala pafupi ndi mutu wa Salma.

"Mwanawe," adatero motsitsa mawu, "sindinabwere kudzakukalipira. Ngati mwendowu wakuvulaza uli pabwalo pakwanu, ndiye kuti ndi woipa, ndipo ndiyenera kukauza anzanga kuti tisiye, tiwavule onse amene tinawaveka. Ngati pali china chinachitika, ndiuze. Kafukufuku amaima pa zoona zimene odwala amatiuza. Ukandinamiza ine, wanamiza anthu onse amene akudikira panjapo. Komanso bambo akowa sangalole dokotala kukuthandiza ngati akuganiza kuti achipatala ndiwo akupha. Tandiuza, unayenda mtunda wotani?"

Sabrina adali pakona, atadziphimba kumaso ndi mpango. A Abdulhamid adagwira dzanja la mwana wawo.

"Usaope, mwanangu. Auze zimene unandiuza ine."

Salma adatsegula pakamwa. Adaona maso a bambo ake, odzaza ndi chikhulupiriro. Misozi idatsikira m'makutu mwake.

"Pabwalo pokha," adanong'ona.

A Paison adatseka maso kanthawi. Adadzuka pang'onopang'ono, chitsulo chawo chikulira.

Pakhomo a Kalilu adakhosomola. "Bambo, wanga uja musavutike nawo," adatero. "Ndodo zanga sizinandioletsepo." Adatembenuka, nagogoda ndodo zawo kulunjika kuchipata. Mayi wina adanyamula mwana wake n'kuwatsatira. Kenaka mnyamata wina. Posakhalitsa benchi ya pakhonde idatsala yokha.

"Ifenso tikupita," adatero a Abdulhamid. "Ku Dwangwa ndamva za sing'anga wodziwa zilonda. Mpeni wanu sukhudzanso mwana wanga."

"Bambo, mukamutulutsa muno mukamuika m'manda," adatero dokotala. "Ulendo umenewo safika nawo."

"Moyo ndi wa Mulungu, si wanu."

Namwino adayesa kuwatsekereza, koma bambowo adamulamula kuti achotse singano ya botolo lija. Adamufunditsa Salma chitenje, nawerama, namukweza kumsana. Thupi lake linkatentha ngati mbaula. Mutu wake udagwera paphewa pawo, ndipo adamva mtima wa bambo ake ukugunda mwamphamvu.

Anthu adapatuka kuwapatsa njira. A Abdulhamid adayenda mpaka pakhomo la chipindacho, ndipo pamenepo adaima.

Pakhomopo padali a Habiba, mtolo wa chinangwa uli pamutu, mapazi ali mbuu ndi fumbi la ku Chia. Adayang'ana mchimwene wawo, nayang'ana chitsa chotupa chimene chinkalendewera m'chitenje. Adatula mtolowo pansi, natambasula manja n'kugwira mafelemu onse awiri a chitseko.

"Achimwene, mwanayo mukupita naye kuti? Mubwezereni pabedi. Kodi wakuuzani kumene anali tsiku la ukwati wa Swaleh?"

Salma adamva manja a bambo ake, amene adamugwira zolimba kumsana, akuyamba kulefuka.